Mutu wa Munthu Wakuda pa Chishango cha Coburg

Lachisanu, 19 Seputembala, Coburg

Ndinanyamuka ku Frankfurt m'mawa kukali kachisisira. Mwana wa achemwali anga, amene ndikucheza kwawo pa tchuthi chino, anandiperekeza mpaka pa siteshoni ndipo anandiikira mu foni tikiti ya mwezi wathunthu yotchedwa Deutschlandticket, imene mu 2025 inali ya mayuro 58, imene munthu amakwera nayo sitima zoimaima ndi mabasi a m'mizinda m'dziko lonse la Germany, kupatula sitima zothamanga kwambiri zija. Iye sanamvetse chifukwa chimene munthu wachikulire angasiyire malo onse otchuka n'kulunjika ku tawuni ya anthu ongopitirira pang'ono 40,000 kumpoto kwenikweni kwa chigawo cha Bayern. Ndinamuuza kuti ndikukaona munthu wakuda amene wakhala pa chizindikiro cha tawuniyo kwa zaka zoposa 500, ndiponso kuti ndikufuna kudziwa ngati anamuikapo momulemekeza kapena momunyoza.

Ndinasintha sitima ku Würzburg ndi ku Bamberg. Ku Bamberg tinadikira nthawi yaitali ndithu, ndipo zolengeza zonse zinali m'Chijeremani, moti pamene anthu ananyamuka mwadzidzidzi kuthamangira mbali ina ine ndinangoima ndi chikwama changa, mtima uli m'mwamba. Mayi wina amene ananyamula dengu la maapozi anandigwira pamkono n'kundifunsa kuti, “Coburg?” Nditavomera ndi mutu ananditsogolera pa masitepe mpaka pamene sitima yathu anaisunthira, ndipo titakhala pansi anandipatsa apozi mmodzi. Khofi wa pa siteshoni anali mayuro atatu ndi theka, ndipo kulowa m'chimbudzi kunali yuro imodzi, zimene zinandiphunzitsa kumwa khofi mosamala.

Msewu umene ndinatsata kuchokera cha ku siteshoni ya Coburg kulowa m'katikati mwa tawuni umatchedwa Mohrenstraße, ndipo umawoloka mtsinje wa Itz pa mlatho. Mawu akuti Mohr ndi akale, otanthauza munthu wakuda, ndipo masiku ano ambiri amawamva ngati achipongwe. Ndisanafike patali ndinamuona amene ndinamudzera. Sanali pa khoma kapena pa mbendera, koma pansi, pa chivundikiro chachitsulo cha ngalande za madzi oipa: mutu wa mwamuna woyang'ana kumanzere, wa tsitsi lopotana, milomo yaikulu ndi ndolo yaikulu pa khutu. Ndinaima n'kuuzungulira kuti ndisauponde. Anthu a tawuniyi ankangodutsapo ndi nsapato zawo ndi njinga zawo, ndipo patsogolo panali chivundikiro china, kenako chinanso.

Ndinene zoona kuti ndinachita mantha pang'ono. Mu msewu wonsewo munthu wakuda wamoyo ndinali ine ndekha pa nthawiyo, ndipo ndinkaganiza kuti aliyense wondiyang'ana akufanizira nkhope yanga ndi ya pansiyo. Palibe amene anandinena kanthu. Mayi wachikulire amene ndapeza chipinda m'nyumba mwawo, pa mayuro 55 usiku umodzi pamodzi ndi chakudya cha m'mawa, anandilandira bwino ndipo anandibweretsera bulangete lachiwiri ndisanapemphe. Ndatopa kwambiri, miyendo ikuwawa chifukwa cha misewu ya miyala.

Loweruka, 20 Seputembala, pa bwalo la msika

Lero linali tsiku la msika, ndipo bwalo lalikulu la tawuni linadzaza ndi ogulitsa maungu, mbatata, kabichi, uchi ndi maluwa. Pakati pa bwalo pali chiboliboli cha Kalonga Albert, mwamuna wa Mfumukazi Victoria ya ku Britain, amene anabadwira pafupi ndi pano mu 1819, ndipo alendo ambiri amajambula chimenecho. Ine ndinayang'ana kumwamba, pa nsonga ya nyumba ya khonsolo, pamene paima kamunthu kosema kogwira chishango ndi ndodo ya mkulu wa asilikali. Ameneyo ndi Mauritius Woyera, nkhoswe ya tawuni ino, ndipo ndi mwini wa mutu umene uli pa chizindikiro. Anthu a kuno amamutchula mwachikondi kuti Bratwurstmännla, kamunthu ka soseji, chifukwa amati ndodo imene wagwirayo ndiyo muyeso wa soseji yeniyeni ya ku Coburg, masentimita 31 isanawotchedwe.

Ndinagula soseji imeneyo pa kanyumba kena ka pa bwalo pomwepo, pa mayuro atatu ndi theka. Saiwotcha pa makala wamba koma pa moto wa zipatso zouma za mitengo ya paini, motero imada msanga ndipo imanunkhira utsi, ndipo amaiika m'kabanzi kakang'ono kong'ambidwa pamwamba, soseji n'kumatulukira mbali zonse ziwiri. Ndinakhala pa benchi kuti ndidye mosadzidetsa, ndipo pamenepo ndi pamene ndinakumana ndi bambo wina wokalamba, mphunzitsi wopuma pa ntchito, amene amayankhula Chingerezi chomveka bwino. Ataona kuti ndikujambula chizindikiro chija m'kabuku kanga anati, “Bambo, ngati muli ndi nthawi, ndikuuzeni za munthu wathuyu, chifukwa alendo ambiri amamuweruza asanamve dzina lake.”

Zimene anandiuza ndinazipezanso m'zolemba za mbiri ya tawuni madzulo ano. Dzina la Coburg limaoneka koyamba m'chikalata cha mu 1056. Chidindo chakale kwambiri cha tawuni, cha mu 1272, chinalibe mutu wa munthu. Chinali ndi linga ndi nkhuku yathadzi, chizindikiro cha banja la Henneberg limene linkalamulira dera lino. Mu 1353 tawuni inapita m'manja mwa banja la Wettin kudzera mu ukwati, ndipo nkhuku inalowedwa m'malo ndi mkango wakuda wa ku Meissen. Nkhuku ndi mkango zinali zizindikiro za olamulira, zosintha nthawi iliyonse mwini dziko akasintha. Mutu wa Mauritius unadzera njira ina, ya m'manja mwa amisiri ndi amalonda a tawuni. Mu 1380 mmisiri wosula ndalama ku Coburg ankadinda mutu wa munthu wakuda ngati chizindikiro cha ntchito yake. Mu 1493 khonsolo inalamula mmisiri wopanga zikho zoyezera kuti azidinda mutuwo pambali pa chizindikiro chake pa chikho chilichonse. Chidindo chakale kwambiri cha tawuni chokhala ndi mutuwo chimene chidakalipo ndi cha mu 1521, ndipo mu 1575 anausema pa mwala pamodzi ndi mkango pa nyumba ya khonsolo. Pang'onopang'ono mkango unazimiririka, mutu n'kutsala wokha pa chishango chagolide.

Mfundo ya zikho zoyezerayi yandikhala mumtima tsiku lonse. Mayi wogula mowa kapena mafuta pa msika uno zaka 500 zapitazo ankayang'ana pa chikho cha wogulitsa, ndipo akaona nkhope ya munthu wakuda ankadziwa kuti sakuberedwa. Nkhopeyo inali umboni wa chilungamo. Zimenezi zinachitika malonda a akapolo owoloka nyanja ya Atlantic asanakule, ndiponso zaka mazana angapo dziko la Germany lisanalande Tanganyika, Cameroon, Togo ndi Namibia. Amene anasankha mutuwu sankaganiza za kapolo kapena wantchito. Ankaganiza za woyera amene tchalitchi chawo chachikulu chinaperekedwa m'dzina lake, ndipo ankafuna kuti aziwayang'anira pa malonda awo.

Koma ndinawafunsa bambo aja funso limene linkandivuta kuyambira dzulo. Ngati ameneyu ndi woyera ndiponso mkulu wa asilikali, nanga chisoti chake chili kuti, ndipo ndani anamuveka ndolo? Anakhala chete pang'ono, kenako anavomera kuti maonekedwe amene tikuwaona lero si a m'zaka zakale zija, koma anajambulidwa mwatsopano mu 1953. Malongosoledwe a boma a chizindikirochi ndi achidule: chishango chagolide, mutu wakuda, milomo yofiira, ndolo yagolide. Mulibemo mtanda, lupanga, mkondo kapena kuwala kozungulira mutu kumene oyera amajambulidwa nako. Munthu wosadziwa mbiri alibe pogwira kuti azindikire kuti ameneyu ndi wofera chikhulupiriro, ndipo chimene amaona ndi nkhope yofanana ndi zimene makampani a ku Ulaya ankajambula pa mapaketi a khofi ndi chokoleti m'nthawi ya atsamunda. Bambowo anati, “Kwa ife ndi wathu, tinakula naye.” Ndinawakhulupirira, ndipo anakana kuti ndiwagulire khofi, m'malo mwake anandigulira ndi iwo.

Lamulungu, 21 Seputembala, Morizkirche ndi ku linga

Masitolo onse ndi otseka lero, ndipo ndikanagona ndi njala chikanakhala kuti mayi a nyumba sanandisungire buledi ndi tchizi. M'mawa ndinapita ku mapemphero ku Morizkirche, tchalitchi cha Mauritius, chimene ndi chachikulu ndiponso chakale kuposa zonse m'tawuni muno. Ndi cha mpingo wa Lutheran, ndipo Martin Luther mwini analalikiramo kangapo pa nyengo ya Pasaka mu 1530. Sindinamve ulaliki, koma nyimbo zina ndinazizindikira mayimbidwe ake. Chimene chinandichititsa chidwi n'chakuti mpingo umene unaleka kupempha oyera kuti aupempherere sunachotse dzina la Mauritius pa tchalitchi, ndipo khonsolo sinamuchotse pa chidindo. Chidindo chija cha mu 1521 ndi cha chaka chomwe Luther anaimirira pamaso pa mfumu ku Worms.

Nkhani ya Mauritius inalembedwa ndi Eucherius, episkopi wa ku Lyon, cha m'ma 440. Iye analemba kuti Mauritius anali mtsogoleri wa gulu la asilikali 6,600 a Aroma ochokera ku Thebes ku Egypt, kumene lero kuli Luxor, ndipo onse anali Akhristu. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 200 mfumu Maximian inawaitanitsa kuti awoloke mapiri a Alps, ndipo atafika ku Agaunum, kumene lero ndi Saint-Maurice ku Switzerland, analamulidwa kuti akaphe Akhristu anzawo. Anakana. Mfumu inalamula kuti aphedwe mmodzi mwa asilikali khumi alionse, koma otsalawo sanasinthe maganizo. Inabwerezanso chilango chomwecho, ndipo pomaliza inapha onse. Malinga ndi Eucherius, anali ndi zida m'manja koma sanazigwiritse ntchito podziteteza. Akatswiri a mbiri amatsutsana ngati zonsezi zinachitika monga momwe zinalembedwera, popeza nkhaniyi inalembedwa patapita zaka pafupifupi 150, koma chosatsutsika n'chakuti mu 515 Sigismund wa ku Burgundy anamanga nyumba ya amonke pa malowo, ndipo ikugwirabe ntchito mpaka lero. Choncho tanthauzo loyamba la chizindikiro cha Coburg ndi msilikali wa ku Africa amene anakana lamulo lopha anthu osalakwa.

Masana ndinakwera phiri kupita ku linga lotchedwa Veste Coburg, kumene Luther anabisala kuyambira Epulo mpaka Okutobala 1530. Njira yake imadutsa m'munda waukulu wa mitengo ndipo ndi yokwera ndithu. Ndinapuma pa mabenchi angapo, mpweya ukundithera, ndipo anyamata ena amene ankatsika anandilimbikitsa ndi manja kuti ndatsala pang'ono. Zipinda za Luther ndi zida zakale ndizisiya, poti zinalembedwa kale ndi ambiri. Ndinakhala pa khoma n'kumayang'ana madenga a tawuni pansipo, ndikuwerenga mbiri ya zaka zimene anthu a kuno sakonda kuzitchula.

Coburg inali tawuni yoyamba mu Germany kupatsa chipani cha Nazi cha Adolf Hitler mipando yochuluka m'khonsolo, mu 1929, pamene chinapeza mipando 13 mwa 25. Hitler anali atabwera kale kuno mu Okutobala 1922 ndi mazana a anyamata ake achiwawa. Mu Januwale 1931 mbendera ya swastika, chizindikiro cha chipani cha Nazi, inakwezedwa pa nyumba ya khonsolo ija ndinaiona dzulo, zaka ziwiri chipanicho chisanatenge boma la dziko lonse, ndipo mu 1932 Coburg inakhala tawuni yoyamba kupatsa Hitler ulemu wa nzika yolemekezeka. Mu 1934, pansi pa meya Franz Schwede, khonsolo inachotsa mutu wa Mauritius pa chizindikiro. M'malo mwake inaika chishango chogawidwa pakati, mbali ina chakuda ndi ina chagolide, chokhala ndi lupanga loloza pansi ndi swastika pa chigwiriro chake. Msewu wa Mohrenstraße anausintha dzina kuti ulemekeze gulu lachiwawa la chipani cha Nazi lotchedwa SA. Anthu amene ankaphunzitsa kuti mtundu wawo ndi woposa yonse sakanapirira kuti munthu wakuda aziimira tawuni yawo, ndipo anachotsa msilikali wokana kupha n'kuikapo chida chophera. M'misewu ya pansipo muli timiyala tamkuwa tolembedwa mayina a Ayuda a m'tawuni muno amene anathamangitsidwa kapena kuphedwa m'zaka zimenezo. Nkhondo itatha mu 1945, mutu wa Mauritius unabwezeretsedwa. Ife amene tinaona mbendera ya Malawi ikusinthidwa mu 2010 n'kubwezeretsedwa mu 2012 tikudziwa kuti olamulira akakhudza chizindikiro amakhala akunena za mwini dziko, ndiponso kuti anthu amamva kupepuka chikabwerera.

Madzulo mdzukulu wa mayi a nyumba, mtsikana wophunzira ku yunivesite, anabwera kudzaona agogo ake, ndipo tinadya pamodzi nyama ndi zibulunga zofewa za mbatata zimene kuno amanyadira nazo. Nkhani ya chizindikiro itayamba, awiriwa anasiyana maganizo poyera. Mu 2020, George Floyd ataphedwa ku America, anthu masauzande anasainira chikalata cha pa intaneti chopempha kuti Coburg isinthe chizindikiro chake, ena anasainira chotsutsa, ndipo akuluakulu a tawuni anakana kusintha. Mtsikanayo anasainira chofuna kusintha. Anati, “Agogo, inu mumaona woyera chifukwa munauzidwa muli mwana, koma mwana wakuda wa m'kalasi mwanga ankangoona chimene anzake ankamuseka nacho.” Agogowo anayankha kuti omaliza kuchotsa mutuwo anali a Nazi, ndipo iwo sangalole kuti zichitikenso ali moyo. Kenako onse awiri anatembenukira kwa ine. Ndinachita manyazi kuyankhula m'malo mwa anthu akuda onse pa tebulo la eni ake, ndipo ndinangopempha kuti andilole ndikaone kaye chosema chakale cha Mauritius chimene chili m'tchalitchi cha mumzinda wa Magdeburg.

Lolemba, 22 Seputembala, Magdeburg

Lero ndi tsiku limene mpingo umakumbukira Mauritius Woyera ndi anzake. Ndinanyamuka kusanache bwino, mayi a nyumba atandikulungira mabanzi awiri ndi dzira lophika. Sitima ya ku Erfurt imadutsa pansi pa mapiri a Thüringen, kulowa ndi kutuluka m'mapanga aatali mpaka makutu kutsekeka, ndipo dera limeneli ndi limene kale linali malire a mayiko awiri a Germany, la kum'mawa ndi la kumadzulo. Kuchokera ku Erfurt ndinakwera ina yoyenda pang'onopang'ono kudzera ku Sangerhausen, pakati pa minda imene akolola kale. Ndinagona tulo pang'ono, ndipo mnyamata wina wa ku Eritrea amene anakhala moyang'anana nane anandidzutsa kuti, “Abambo, tafika.” Ananyamula chikwama changa mpaka panja pa siteshoni n'kundilozera nsanja ziwiri za tchalitchi.

Ulemu wa Mauritius m'dziko la Germany unakulira kuno. Mfumu Otto I inamanga nyumba ya amonke m'dzina lake ku Magdeburg mu 937, inabweretsa mafupa ake ena kuno, ndipo mu 968 mzindawu unakhala likulu la arkiepiskopi. Kuyambira pamenepo Mauritius anakhala nkhoswe ya ufumu wonse, ndipo matchalitchi ambiri, kuphatikizapo cha ku Coburg, anatchedwa dzina lake. Pano pali chinthu chimene sichinandisangalatse, ndipo sindichibisa: mafumu anatenga munthu amene anakana kupha n'kumusandutsa nkhoswe ya magulu awo ankhondo, ndipo dzina lake linkatsogolera nkhondo zolanda mayiko a anthu a mtundu wa Slav kum'mawa kwa mtsinje wa Elbe. Mkondo wopatulika wa ufumu ankautcha mkondo wa Mauritius, ndipo lupanga lolongera mafumu linkatchedwanso dzina lake.

Tchalitchi chimene chilipo lero chinayamba kumangidwa mu 1209, chakale chitapsa ndi moto mu 1207, ndipo chinamalizidwa mu 1520. M'kati mwake ndi mozizira ndi mwakachetechete. Mayi wina wothandiza alendo, nditangotchula dzina la Mauritius, anasiya tebulo lake n'kundiperekeza yekha pa chosema cha woyerayo. Chosemacho ndi cha mwala wa mchenga, cha m'ma 1240, ndipo miyendo yake inaduka kalekale, mkondo umene anagwira unatayika. Wavala malaya ankhondo olukidwa ndi timphete tachitsulo, ophimba mutu ndi khosi n'kusiya nkhope yokha, ndipo lupanga lili m'chiuno. Kwa zaka mazana ambiri izi zisanachitike, amisiri a ku Ulaya ankajambula Mauritius ngati mzungu. Chosema ichi chimadziwika kuti ndi choyamba kumuonetsa ngati munthu wakuda wa ku Africa, ndipo akatswiri ena amachilumikiza ndi nthawi ya mfumu Friedrich II, imene inali ndi anthu akuda pakati pa asilikali ndi nduna zake.

Ndinaima pamenepo nthawi yaitali kuposa mmene ndinkaganizira. Mphuno ndi yotambalala, milomo ndi yodzaza, khungu ndi lakuda, zonse zimene zilinso pa chizindikiro cha Coburg, koma pano palibe chimene chakokomezedwa. Pali mizere ya kutopa m'mbali mwa kamwa, ndipo maso akuyang'ana patsogolo ngati a munthu amene wamva lamulo ndipo watsimikiza kale yankho lake. N'zoonekeratu kuti mmisiri ameneyu, amene dzina lake silinasungidwe, anakhala pansi ndi munthu weniweni n'kumuyang'anitsitsa. Ndinaona nkhope imene ndingakumane nayo pa maliro kapena pa msonkhano wa mpingo n'kuipatsa moni mwaulemu. Misozi inalengeza, ndipo mayi uja anabwerera m'mbuyo pang'ono kuti andipatse mpata.

Apa ndi pamene ndinamvetsa chimene chinkandisautsa ku Coburg. Vuto si lakuti pa chishango pali munthu wakuda. Chimenecho n'chinthu chimene ndinganyadire nacho, ndipo ndingadandaule kwambiri chitachotsedwa. Vuto ndi dzanja limene linamujambula komaliza. Wosema wa m'ma 1240 anali asanaphunzitsidwe kuti munthu wakuda ndi woseketsa kapena wotsika, choncho anasema msilikali. Wojambula wa mu 1953 anakulira m'dziko lodzaza ndi zithunzi za atsamunda, ndipo ngakhale cholinga chake chikanakhala chabwino chotani, anajambula msilikaliyo wopanda chisoti, atavala ndolo. Pakati pa zithunzi ziwirizi padutsa zaka 700, ndipo chakalecho ndi chimene chili ndi ulemu wochuluka.

Chakudya chamadzulo ndinadya pa kasitolo ka anthu a ku Turkey pafupi ndi siteshoni, nyama yodulidwa mopyapyala m'buledi pa mayuro asanu ndi awiri. Ndinabwerera ku chipinda kusanade, chifukwa mzindawu ndi waukulu ndipo sindikuudziwa, ndipo mantha a Lachisanu aja sanandithere kwenikweni.

Lachiwiri, 23 Seputembala, m'sitima yobwerera

Ndisanakwere sitima ndinabwerera ku tchalitchi kukagula positikhadi ya nkhope ya Mauritius, ndipo ndinaitumiza kwa mayi a nyumba aja ndi mdzukulu wawo, pa sitampa ya masenti 95. Ndinali ndi ngongole ya yankho kwa onse awiri. Ndinalemba kuti agogo akunena zoona kuti Mauritius asachoke, chifukwa anaikidwapo ndi amisiri ndi amalonda amene ankamudalira, ndipo anachotsedwapo kamodzi kokha ndi anthu amene ankadana ndi khungu lake. Ndinalembanso kuti mdzukulu akunena zoona kuti chithunzi cha lero chimapweteka, ndipo kuchiteteza ponena kuti ndi chakale sikokwanira, popeza maonekedwe ake ndi a mu 1953 ndipo mutuwu wajambulidwa m'njira zosiyanasiyana chiyambire 1380. Ndinapempha kuti ngati nkhaniyi idzafikenso ku khonsolo, wina adzanyamule khadi limeneli n'kufunsa ngati sikungatheke kumubwezera Mauritius chovala chake chankhondo cha kumutu, kuchotsa ndolo, ndi kufunsa maganizo a anthu akuda amene akukhala ku Coburg lero, ophunzira ndi ogwira ntchito, asanasankhe wojambula. Za zivundikiro za ngalande ndinalemba mzere umodzi wokha pansi penipeni, poti malo anali atatha: kuti nkhoswe ya tawuni ingayenere malo ena oposa pamene anthu amaponda.